Diso la Naphiri Analigula K156

Mkazi wanga Naphiri saonanso ndi diso lakumanja. Silinalasidwe ndi mtengo. Silinalodzedwe. Linafa ine nditakhala pa benchi mu ofesi ya inshuwalansi ya chipatala yotchedwa Ndodo ya Akulu, pansanjika yachitatu mu Cairo Road, ndikudikira siginecha ya munthu mmodzi kwa masiku anayi.

Ndine Lazaro Ngoma wa ku Kabwata. Inu amene timaima limodzi pamzere wa penshoni mwezi ndi mwezi mukundidziwa, ndine mdala wa chipewa chotuwa amene amakangana ndi odumpha mzere uja. Kalatayi ndailemba ndekha pa taipi yanga, ndaichulukitsa ndi ndalama zanga, ndipo ndikuigawa pamzere uno. Werengani. Amene maso akuvutani, mnzanu akuwerengereni. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Zaka 29 ndinali womasulira m'khoti. Majisitireti amayankhula Chingerezi, woimbidwa mlandu Chinyanja, ine pakati. Ndikudziwa zimene liwu limodzi limachita kwa munthu. Ndinaonapo bambo wa ana asanu akulowa m'ndende chifukwa womasulira mnzanga anasandutsa “ndinatenga” kukhala “ndinaba.” Ndiye musaganize kuti amene anapusitsidwa pano ndi mbuli yosadziwa pepala. Anapusitsa ine, ndipo ndicho chikundiwawa kwambiri.

Nditapuma ntchito ndinayamba kufunafuna inshuwalansi yowonjezera. Chipatala cha boma ndi chaulere, sindikukana, tikuthokoza. Koma tonse tikudziwa mmene zilili masiku ano. Dokotala amakulembera mankhwala bwinobwino, pawindo amakuuza kuti mukagule nokha. Ndi penshoni ya K310 ukagule chiyani? Ndiye ndinayenda m'makampani atatu, ndinatenga timabuku tawo, ndinagula kope la sukulu, ndinajambula mizere ndi rula.

Kampani yoyamba, K18 pamwezi. Mankhwala amalipira, koma mkazi samuwerengera, ndipo ukafika zaka 65 amakutsanzika. Ndiye kuti amakuteteza nthawi imene sudwala, ukayamba kudwala amakuthokoza chifukwa chobwera. Yachiwiri, K27, mwamuna ndi mkazi, bedi m'chipatala cha pulaiveti masiku khumi pachaka. Koma maso ayi, mano ayi, opaleshoni ayi. Ndinamufunsa kalaliki wa kumeneko kuti nkhalamba imadwala chiyani chotsala. Anaseka, ine sindinaseke. Yachitatu inali Ndodo ya Akulu, K41. Tonse awiri, mankhwala, bedi, opaleshoni, ndiponso maso. Pakabuku pawo panali chithunzi cha agogo awiri akumwetulira ngati angolandira mafuta ophikira.

Masabata atatu ndinakhala pa kopelo. Naphiri ankandinyogodola. “A Ngoma, mukulemba chigamulo cha yani? Khoti munalisiya kale.” Ndinasankha yodulayo chifukwa cha liwu limodzi lomwelo, maso. Naphiri ndi telala. Amasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi a amayi a kutchalitchi kwathu. Kunena zoona, makina ake ndiwo amatidyetsa, penshoni yanga imangothandizira. Ndinadziuza kuti K41 ndi yowawa, koma maso a mayiyu ndiwo munda wathu.

Tsopano mumve za Bonifasi Mwale. Dzinalo lisungeni. Ndiye amayenda ndi mafomu a kampaniyo m'makomo. Bambo wa zaka za m'ma 30, suti ya safari, chikwama chachikopa, pakamwa pozuna. Makolo ake ndi a ku Katete ngati ife, koma iye anabadwira m'tauni muno ndipo Chinyanja chake ndi cha m'minibasi. Tsamba langa ndinalemba ndekha ku ofesi. Linatsala tsamba la Naphiri, la mafunso a matenda. Tinapangana kuti abwere kunyumba Lachisanu 2 koloko masana, ine ndilipo.

Anabwera 10 koloko m'mawa. Ine ndinali pamzere wa sopo kuyambira 6 koloko.

Zimene zinachitika m'nyumba mwanga ndinamva kwa Naphiri tsiku lomwelo, ndipo Mwale mwini sanakanepo ngakhale liwu limodzi. Anakhala pampando wanga, anatsegula fomu ya Chingerezi, anayamba kufunsa.

“Ba mayo, muli na BP?”

“Bipi n'chiyani, mwana wanga?”

“Ija mtima uthamanga maningi.”

“Iyayi.”

“Chifuba chikulu?”

“Iyayi.”

“Muli na shuga?”

Imani pamenepo. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo shuga anali atasowa m'masitolo miyezi iwiri. Ife tinali ndi wotsala pang'ono m'kachitini, Naphiri atamubisa m'dirowa ya makina osokera. Mlendo wabwera ndi thukuta, wakhala m'nyumba mwako, sunamupatse kanthu, ndiye akukufunsa ngati uli ndi shuga. Mayi wa ku Katete woleredwa bwino amva chiyani? Anamva manyazi.

“Alipo pang'ono, mwana wanga. Pepani.”

“Kuyambila liti?”

“Kuyambira pa Khirisimasi.”

“Pang'ono chabe?”

“Pang'ono chabe. Timasamala.”

Mwale anachonga kabokosi. Naphiri ananyamuka kukatereka madzi. Anamupatsa tiyi, anaika kachitini patebulo, Mwale anathira masupuni atatu odzaza. Anamwa, anapukuta pakamwa, anamuonetsa mayiyo posaina, anapita. Sizinamudabwitse kuti wangofunsa za shuga, shuga n'kutulukira patebulo? Mutu uja ndi wonyamulira tsitsi basi?

Nditabwera ndi sopo wanga mmodzi, Naphiri anandiuza kuti mlendo wanga ndi wopanda manyazi, wachita kupempha shuga ndi pakamwa pake. Tinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kutsokomola.

Lisiti loyamba linabwera la K47. Ndinapita kukafunsa kuti K41 ija yapita kuti. Mayi wa pakauntala sanatsegule ndi fayilo yomwe. “Ba mudala, vonse vakwela. Kwacha yagwa, simumvela wailesi?” Ndinakhulupirira, chifukwa masiku ano n'chiyani chosakwera? Ndinalipira K47 miyezi 26, osaphonya ngakhale umodzi. Malisiti onse ndili nawo, omanga ndi ulusi wa Naphiri.

Lolemba lina m'mawa Naphiri anasiya kupalasa makina. Anati, “A Ngoma, m'diso muno mukutsika chinsalu chakuda. Dzulo ndimaona ngati ziphaliwali.” Tinapita kuchipatala cha boma. Dokotala anatiuza mosabisa kuti kansalu ka m'kati mwa diso kayamba kumatuka, kuti ndi nkhani ya masiku osati masabata, ndipo kuti zida za ntchito imeneyo iye alibe. Anatilozera ku kiliniki ina ku Woodlands kumene kunali dokotala wa maso wochokera kunja, wobwera ndi zida zake. Tinapita tsiku lomwelo. Dokotalayo anamuyeza, anati diso likhoza kupulumuka akalichita opaleshoni pofika Lachinayi, chifukwa Lachisanu m'mawa akukwera ndege. Mtengo K2,800, kapena kalata ya inshuwalansi yolonjeza kulipira.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinamuuza Naphiri m'minibasi kuti, “Mwaona? Kope lija mumaliseka lija.” Ndinadzitama, anthu inu.

Lachiwiri ndinafika pa ofesi yawo 7:40. Chikepe chinafa kalekale, ndinakwera masitepe 54 ndi mawondo awa. Chitseko chinatsegulidwa 8:25. Pakauntala panali mayi yemwe uja, sindikudziwa dzina lake, ndimutcha mayi wa pakauntala. Ndinafotokoza zonse, ndinapereka pepala la dokotala. Anati ndikhale pabenchi, fayilo aifuna. Ndinakhala. Pakhoma chithunzi cha mtsogoleri wathu, pansi pake chikwangwani chonena kuti munthu ndiye woyamba pa zonse. Ndinachiwerenga kambirimbiri, panalibe china chochita.

Itakwana 10:10 munthu wina anasuzumira pakhomo n'kukuwa kuti mafuta ophikira afika m'sitolo ya pansi. Simunaonepo ofesi ikutha anthu chotero. Mayi wa pakauntala, wotaipa, wa makiyi, onse ndi zigubu zimene anabisa pansi pa madesiki. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti mayi, diso la munthu. Anandiyankha akuthamanga kuti, “Nibwela manje manje, ba mudala!” Manje manje wakeyo, ndiye kuti pompano, anakwana 2:35 masana. Anabwera akuwala nkhope, chigubu chodzaza. Fayilo? “Sinaoneke. Bwelani mailo.” Mailo ndiye mawa m'Chinyanja chawocho, ndipo ndi liwu lokhalo limene limagwira ntchito mu ofesi imeneyo.

Lachitatu, 7:30, masitepe 54. Fayilo inapezeka 9:50, inali pansi pa ketulo. Mayi uja anaitsegula, anayendetsa chala, anatseka.

“Sitingalipile. Ba mayo bali na shuga.”

Ndinati, “Mwati bwanji?”

“Shuga. Ilipo apa, banasaina beka. Maso ya muntu wa shuga sitilipila. Onani peji folo.”

Anandionetsa tsamba lachinayi, ndime yachisanu ndi chinayi, zilembo zazing'ono ngati nyerere. Ndikumasulireni, ndi ntchito yanga: membala amene analowa ali kale ndi matenda a shuga adzalipira K6 yowonjezera pamwezi, ndipo kampani sidzalipira matenda a maso, impso kapena mapazi. Ndiye kuti K6 ija sinali kwacha kugwa. Miyezi 26 ndinkawalipira ndalama yowonjezera kuti asadzandithandize. Munamvapo malonda otero? Kulipira mlonda kuti akuba akabwera iye agone?

Ndinayang'ana kabokosi kochongedwako, ndinayang'ana deti, mutu wanga unabwerera ku tiyi uja. Kenaka mkwiyo unakwera, ndipo sunatsikebe mpaka lero.

Ndinati ndikufuna Mwale. Anati ba Mwale tsopano ndi akulu a ma ejenti, saonana ndi anthu popanda kupangana. Ndinatsegula kachitseko ka kauntala ndekha. Ndinamupeza m'kachipinda kake, wanenepa, mpando wozungulira, akudya chitumbuwa. Ndinamufunsa ngati m'khoti.

“Munabwera kunyumba kwanga nthawi yanji?”

“Ah, ba tate, ni kudala. Ningakumbuke bwanji?”

“Tinapangana 2 koloko. Munabwera 10. Zoona kapena bodza?”

“Ninali na ma kasitoma bambili.”

“Pafomu palembedwa dzina la matenda m'Chingerezi. Inu munafunsa kuti chiyani?”

“Ninafunsa kuti muli na shuga. Ndiye mwamene tikambila tonse.”

“Munanena liwu loti matenda?”

“Aliyense aziba.”

“Atayankha, anachita chiyani?”

“Banapanga tiyi.”

“Munamwa?”

“Ninamwa.”

“Ndi shuga?”

Anayang'ana chitumbuwa chake. Ndinaona m'maso mwake kuti wamvetsa, pompo, zonse. Ndipo mukudziwa chimene ananena? Osati pepani. Anati, “Ba tate, tiyi ni tiyi, fomu ni fomu. Ine ninafunsa, beve banayankha. Siginecha ni yao.”

Ndakhala m'chipinda chimodzi ndi anthu opha anzawo, ndikuwamasulira mawu, mtima uli zii. Koma tsiku limenelo ndinabisa manja kumbuyo, chifukwa ndinkadziwa chimene akufuna kuchita.

Ndinamuuza kuti akonze. Cholembera ali nacho, kabokosi ndi kameneko. Anati sizitheka, pafunika kalata ya dokotala yotsimikiza kuti magazi alibe shuga, kenaka manijala, a Lungu, asaine. Ndinafunsa ngati a Lungu alipo kuti ndiwafotokozere. Anati ali mu mitingi. Ndinatsika masitepe, minibasi mpaka ku Kabwata, ndinamutenga Naphiri, minibasi ina mpaka kokayezetsa magazi. Kumeneko anati abwere m'mawa asanadye kanthu. Tsiku linatha choncho. Madzulo Naphiri anati chinsalu chija chafika pakati.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende kudikira kalata. Mwana wathu wa ku Chelstone anabweretsa zimene anali nazo. A kutchalitchi anasonkha. Ndinagulitsa wailesi ndi njinga. Zonse pamodzi zinakwana K1,150. Naphiri anati tigulitse makina, wogula anatchula K600, ndipo ngakhale tikanamupatsa sizikanafika. Kukiliniki anati theka salandira.

Lachinayi, tsiku lomaliza. Magazi anatengedwa 7 koloko. Ndinachonderera, zotsatira zinatuluka 10:30. Shuga wa Naphiri anali bwinobwino ngati wa mtsikana. Ndinafika ku ofesi 11:15, pepala m'manja, mpweya utatha. Ndinapeza akutseka mawindo. Kunabwera uthenga woti maofesi onse atumize anthu kumsewu wa ku bwalo la ndege kukaimika manja kwa alendo a boma. Zimenezo sindikutsutsa, si nkhani yanga. Nkhani yanga ndi yakuti kusaina dzina kumatenga nthawi yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato.

A Lungu ndinakumana nawo pamasitepe. Munthu wamtali, mpango m'khosi, makiyi a galimoto akulira m'manja. Ndinawatsekera njira. Ndinawaonetsa pepala la magazi, pepala la dokotala wa maso, malisiti 26. Ndinawauza kuti dokotala akudikira mpaka 4 koloko. Ine, Lazaro Ngoma, wa zaka 63, ndinagwada pa sitepe.

“Comrade, imilila, uzanichititsa manyazi,” anatero a Lungu. Anandiyankhula ngati mwana wawo. “Nizabwela 14 hours, tizaona.”

Ndinakhala pasitepe pomwepo. 2 koloko. 3 koloko. Itakwana 3:20 mlonda wa nyumbayo anandimvera chisoni, anandinong'oneza kuti bwana akachoka kotere sabwerera, ndipo anandiuza msewu wa kwawo ku Kabulonga. Ndinakwera takisi, K14, ndalama ya ndiwo ya sabata yonse. Mpanda wautali, geti lachitsulo, agalu awiri. Galimoto yawo inali mkati, ndinaiona pampata. Ku bwalo la ndege kuja sanafikeko n'komwe. Ndinagogoda mpaka zala kutupa. A Lungu anatuluka atavala kabudula, botolo m'manja, anaima kutali ndi geti.

“Va ofesi ni ku ofesi. Pano ni panyumba panga.”

Ndinati, “Bwana, cholembera ndili nacho. Pepala ili. Ndilowetsa pansi pa geti.”

“Olo nisaine, kuchinja fomu ni nchito ya komiti. Komiti inkala kumapeto kwa mwezi.”

“Nanga bwanji simunandiuze pamasitepe paja?”

“Munanifunsa?”

Anabwerera m'nyumba. Agalu anatsala akundiuwa. Inali 4:05.

Lachisanu ndinapitabe ku ofesi, sindikudziwa kuti ndinkafunanso chiyani. Mayi wa pakauntala anandiona n'kunena kuti, “Ba mudala, mwabwela futi? Simulema?” Nthawi imeneyo ndege inali itapita. Patatha masabata atatu tinapeza dokotala wina. Anayang'ana m'disomo nthawi yaitali, anazimitsa tochi yake, anafunsa kuti tinachedwa kuti.

Lero Naphiri akathira madzi m'kapu amathira pambali. Ulusi pa singano ndimamulowetsera ine. Msoko umakhota, amasula, ayambanso, ndipo diso lotsalalo likatopa amagona chafufumimba masanasana. Sukulu ina yatenga kale ntchito yake kupatsa telala wina. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti iye amadziimba mlandu. Amati, “Ndine wopusa ine, a Ngoma, sindinapite patali ndi sukulu.” Iyayi! Mayi anachereza mlendo. Wopusa ndi amene anatumidwa kukafunsa nkhalamba za moyo wawo ndi Chinyanja cha theka.

Sabata yatha kunabwera kalata. Komiti inakhala. Yapeza kuti panali kusamvana pang'ono. Pang'ono! Yavomera kuti mayi Ngoma alibe matenda a shuga, ndipo ndi yokondwa kutiuza kuti tsopano akhoza kukachitidwa opaleshoni ya diso. Diso liti? Ndiponso, mwa chifundo chawo chachikulu, atibwezera K6 ya miyezi 26. Ndawerengera. K156. Ndiwo mtengo wa diso la mkazi wanga pa msika wa Ndodo ya Akulu. Ndi ndodo ndithu, koma si yoyendera, ndi yomenyera.

Ndiye a Lungu, ndili ndi mafunso, ndipo ndikudziwa kuti kalatayi ikufikani chifukwa ndaika imodzi pansi pa geti lanu lija. Makasitomala anu ndi nkhalamba za Chinyanja, Chibemba, Chitonga. N'chifukwa chiyani fomu yanu ili m'Chingerezi chokha? Ndani anamuyesa Mwale kuti amatha kumasulira? N'chifukwa chiyani munthu akachongedwa matenda simumutumizira kalata yomuuza? N'chifukwa chiyani K6 yanu munaibisa kumbuyo kwa kwacha? Ndipo m'makabati anuwo muli mafayilo angati a amayi amene anangopatsa Mwale tiyi?

Funso lomalizali sindikufunsa mwamwambo chabe. Ndayamba kale kuyenda. Ku Kabwata kokha ndapeza mabanja anayi amene lisiti lawo ndi la K47 m'malo mwa K41, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amadziwa chifukwa chake. Mmodzi ndi mkazi wamasiye wa mnzanga amene tinkagwira naye ntchito kukhoti. Mawa ndili ku Chelstone, Loweruka ku Kaunda Square. Nthawi ndili nayo yambiri, munandiphunzitsa nokha kudikira.

Inu anzanga a pamzere, mverani. Ine ndinayerekeza mitengo, ndinaiwala kuyerekeza mafunso. Mtengo uli pachikuto, msampha uli pa tsamba lachinayi. Makampani ena awiri aja sindikuwayamikira, ndabwererako ndipo nawonso ali ndi tsamba lawo lachinayi. Kulikonse kumene mungapite, musalole munthu wa fomu kulowa m'nyumba inu kulibe. Funso lililonse alinene m'chiyankhulo chanu, mulibwereze, avomere. Akatha, akupatseni pepala lanu lofanana ndi lake. Lisiti likasiyana ndi mtengo umene munapangana, ngakhale ndi ngwee imodzi, musachoke pakauntala mpaka atsegule fayilo. Ndipo amene muli kale ku Ndodo ya Akulu, pitani mukaone kabokosi kanu sabata ino, maso anu akadali awiri.

Ena andichenjeza kuti masiku ano kugawa mapepala pamzere n'kudziputira. Ndapita ndekha kwa tcheyamani wa chigawo chathu, ndamupatsa kalatayi, waiwerenga. Mkazi wake nayenso ali pa K47. Naphiri akuti ndiwasiye, Mwale ndi mwana wa munthu, ali ndi ana. Naphiri ndi Mkhristu kuposa ine. Ine ndikuti mlandu suola. Ndikufuna ofesi imeneyo itsale ndi mabenchi okha. Ndikufuna Mwale akafune ntchito kwina, ndipo kulikonse kumene akagogode apeze kalatayi itafika kale. Ndikufuna a Lungu adzadziwe kulira kwa geti lotseka uli kunja kwake. Abusa akandifunsa Lamlungu, ndidzawauza zomwezi.

Kalata ya komiti ija ili ndi mzere wina kumapeto. Akuti cheke cha K156 sangapatse ine. Mwini wake abwere yekha, asaine pamaso pa mkulu wa ma ejenti.

Chabwino. Tibwera Lolemba, 8 koloko. Amene muli ndi malisiti a kampaniyi, tengani, tikakumane pansi pa masitepe. Tidzakwera pang'onopang'ono, chifukwa Naphiri tsopano sitepe amaiyeza ndi phazi. Ndidzamukhazika pampando. Sindidzamugwira dzanja, sindidzamulozera posaina, sindidzamasulira liwu ndi limodzi lomwe. Imeneyo ndi ntchito ya Mwale, pamaso pa nonsenu. Ndipo ndidzaonetsetsa kuti waima kudzanja lamanja la mkazi wanga.

Naphiri akadzatembenuka uku ndi uku n'kufunsa kuti, “Ali kuti mwana uja?” pasadzapezeke womuyankhira. Adzayankhe yekha.